Bokosi la Madamu

Amake Wayilesi anali atangotembenuza kolala ya yunifolomu yawo yakuntchito, simbi ili m'manja, pamene mng'ono wawo analowa osagogoda, foni ataitsogoza ngati akuunikira njira.

"Achemwali, ikani simbiyo pansi. Mwana wanu watchuka!"

"Watchuka ndi chiyani? Waswanso zenera la eni?"

"Inunso mumangoganiza zoipa. Taonani kaye."

Anaimika simbi n'kulandira foni. Pagalasi panali mwana wawo, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu, kamene anthu a pamzere wa nyumbazo anakatcha Wayilesi chifukwa kakamwa kake sikadziwa kuzima. Kanali katakhala pabedi pa mayi ake, miyendo itapindidwa, bokosi lofiirira la maliboni agolide lili pamiyendo.

"Moni anzanga nonse!" kanatero kakugwedeza bokosilo pafupi ndi khutu. "Mukuganiza kuti muli chiyani umu? Tiyeni titsegule limodzi!"

Tizala tinang'amba pulasitiki. Chivundikiro chinatseguka, ndipo mwanayo anakuwa mwamphamvu mpaka foni inachita phokoso ngati yathyoka. Amake Wayilesi sanaonenso chidolecho. Maso awo anali pabokosi.

Bokosilo silinali lawo. Iwo amagwira ntchito yam'nyumba kwa mayi wina amene aliyense amangomuti Madamu. Mwana wa Madamu, Kadona, ndi mmodzi wa ana aja amene amatsegula mabokosi a zidole pa intaneti anzawo n'kumaonerera. Makampani amamutumizira zidole zaulere, n'kulipiranso pamwamba, chifukwa akudziwa kuti chimene Kadona watsegula lero, mawa ana akuchigubudukira pansi m'mashopu. Lachisanu Madamu anapita kutali ndi banja lonse, nyumba n'kukhoma. Ali m'njira anaimba foni: katundu wafika ku ofesi yolandirirako mapaselo, Anti akamutenge, amusunge kwawo mpaka Lolemba. Ndipo anabwereza kawiri kuti chidolecho sichinafike m'shopu iliyonse, kampani yalamula kuti munthu asachione kufikira Kadona atachitsegula.

"Ngakhale ntchentche isaterepo, Anti."

Iwo analiika pamwamba pa wadirobu n'kulifunditsa bulangete lakale. Lamulungu m'mawa anangotuluka kukagula sopo ndi makala.

"Watsitsa bokosi limeneli ndani?"

Mng'onoyo anasiya kumwetulira. "Mwana ndiye analiona. Ine ndimayesa mwamugulira, mukungobisa."

"Ndamugulira! Ine? Nsapato yake yakusukulu yaseka kutsogolo ukuiona, ndiye ndikagule chidole cha maliboni? Mutu wakowo umangosungira mawigi basi?"

"Pepani, koma taonani anthu aonera, achemwali. Masauzande! Ena akufunsa kuti chidolecho chikugulitsidwa kuti."

"Fufuta."

"Koma..."

"Ndati fufuta, ndisanakufufute iweyo."

Mng'onoyo anatenga foni n'kuidinadina, kenako anakanda m'khosi. Kwa iye anali atafufuta, koma anthu anali atatumizirana kale. Vidiyoyo inali itamera miyendo, ikuyenda yokha.

Amake Wayilesi anakhala pampando. Ntchito imeneyi anaipeza atazungulira mageti a eni mpaka zidendene kung'aluka. Ndi imene imalipira chipinda chino, ndi imene imadyetsa mwana komanso mng'ono wawo wosagwira ntchitoyu. Madamu si munthu wokalipa. Akakwiya amatsitsa mawu, n'kukuuza mwaulemu kuti usiye makiyi patebulo. Wosamalira maluwa anachoka choncho, chifukwa chongojambula chithunzi m'chipinda chojambuliramo mavidiyo a Kadona.

"Wayilesi!"

Kunali zii. Tsiku loyamba chibadwire, wayilesi inali itazima yokha.

Anamupeza kunsi kwa bedi, chidole atachikumbatira. Chinali cha tsitsi lobiriwira, maso aakulu ngati a mwana wang'ombe, ndipo nkhope yake inali kunyezimira. Mwanayo anali atachidzoza mafuta odzola, kuti chisatuwe.

"Tuluka."

"Amayi, ndi changa?"

"Si chako. Bweretsa."

"Koma ndatsegula ndine. Kadona akatsegula chimakhala chake."

Dzanja la mayiyo linakwera, n'kutsikanso lokha. Akanamumenya chifukwa chiyani? Madzulo alionse iwo akafika msana ukuwawa, amamupatsa foni kuti apezeko mpata wopuma, ndipo mwanayo amaonera manja a ana ena akung'amba mapepala, bokosi ili, bokosi ilo, mpaka batire kutha. Sankafuna nkomwe nkhani kapena nyimbo. Ankangofuna kaphokoso ka pulasitiki ndi kamphindi kaja chivundikiro chisanatseguke. Ngakhale katoni ya sopo ankayamba waigwedeza pakhutu.

Anachisolola chidolecho m'manja mwake chala chimodzichimodzi. Wayilesi analira mokweza, ndipo mayi wa khomo loyandikana anafunsa kudzera pakhoma ngati kwagwa zovuta.

"Palibe, anzanga! Tikupesa tsitsi!"

Kutseka bokosi ndiye sinali nkhani. Imeneyo ndi ntchito yawo ya sabata ndi sabata. Anthu oonera sadziwa kuti Madamu amayamba watsegula okha bokosi lililonse, kuti adziwe zili m'katimo ndi kumuphunzitsa Kadona pokuwira ndi pogwira pakamwa. Akatha amapatsa Anti kuti alibwezere mwakale. Choncho amake Wayilesi anapukuta mafuta pankhope ya chidole ndi kansalu konyowa, anachipesa, anachigoneka m'malo mwake n'kumanganso timawaya ta m'manja ndi m'miyendo.

"Nsapato ina ya chidolechi ili kuti?"

Anthu atatu anagwada pansi. Anasuntha bedi, anakutumula mabulangete, anasesa ndi manja kuseri kwa wadirobu. Kansapatoko, kochepa ngati njere ya nyemba, kanapezeka m'thumba la diresi la Wayilesi, ndipo mwanayo anayang'ana kudenga ngati sakukadziwa.

Amake Wayilesi anatenga pulasitiki ya paketi yatsopano ya mapilo, anaidula, anakulunga bokosi. Anachepetsa moto wa simbi, anayala kampango pamwamba, n'kumadinda m'mphepete pang'onopang'ono kuti pulasitiki igwirane. Pakona ina simbi inakhudza pulasitiki popanda kampango, fungo lopserera n'kudzaza chipinda.

"Likuoneka latsopanotu," anatero mng'ono wawo ndi mawu ofuna kukhululukidwa.

"Bokosi latsekeka. Nanga maso a anthu masauzande ako aja nditseka ndi simbi iti?"

Asanayankhidwe, foni yawo inalira pawindo. Onse anaiyang'ana. Mng'onoyo anasuzumira, n'kunong'ona ngati woimbayo angamve: "Ndi Madamu."

Amake Wayilesi anailekerera kulira mpaka inatsala pang'ono kuduka. Anapukuta manja padiresi.

"Halo, Madamu."

"Anti." Mawu anali otsika, aulemu. "Bedi lija la bulangete lamizeremizere ndi lanu?"

"Ndi langa, Madamu. Ndalakwa. Ndinatuluka pang'ono, ndiye mwana... Koma ndalitseka bwinobwino, simungadziwe n'komwe."

"Mwalitsekera ndani? Dziko lonse laona. A kampani andiimbira ndili pakati pa alendo. Mukudziwa manyazi ake?"

"Pepani, Madamu."

Amake Wayilesi anali akuona kale m'maganizo makiyi ali patebulo.

"Mwanayo ndi wanu?"

"Ndi wanga."

"Amakuwa bwino." Madamu anaseka pang'ono. "A kampani anayamba ndi ukali, koma ataona mmene anthu akuitumizirana, asintha nyimbo. Akuti kukuwa kwake n'kwenikweni. Akuti makolo ayamba kale kufunsa m'mashopu. Kadona masiku ano nkhope yake sidabwanso, inunso mumaona. Ndiye mawa mubwere naye mwanayo. Azikhala pambali pa Kadona, azitsegula limodzi. Zovala timupatsa, zidole zina azitenga. Za bokosizi tiiwale."

Mng'ono wawo, amene anali atamata khutu pafoni, anayamba kudumpha mwakachetechete, milomo ikunena kuti vomerani, vomerani.

Amake Wayilesi anakumbukira za kuntchito kuja. Chipinda chojambuliramo amachikolopa ndi iwo. Amadziwa kutentha kwa magetsi aja, amene amachititsa munthu thukuta ngakhale kunja kukuzizira. Amadziwa mawu a Madamu akuti, "Bwerezanso, mwana wanga, sunadabwe bwino. Tsegula maso. Bwerezanso." Bokosi limodzi iwo amatha kulitseka ndi simbi, Kadona n'kulitsegula, iwo n'kulitsekanso, mpaka dzuwa kupendeka. Ndipo amadziwa kumene Kadona amathawira: kuseri kwa makina ochapira, kumene amakhala atakumbatira mawondo, n'kumawapempha kuti, "Anti, musanene kuti ndili kuno." Mwana wa zidole zodzaza chipinda, koma chimene amaseweretsa akakhala yekha ndi zopanira zovala.

Anayang'ana Wayilesi. Anali atakhala pakhomo la kuchipinda, misozi itauma m'masaya, maso ali pabokosi.

"Anti, mukundimva?"

"Ndikumva, Madamu. Bokosi ndibwera nalo m'mawa. Koma mwana ali ndi sukulu."

"Akaweruka."

"Akaweruka amakhala atatopa."

"Anti." Mawu anatsikanso. "Ine ndikukuthandizani. A kampani ndiwauza chiyani? Mukabwera ndi mwana, nkhani yatha. Mukabwera nokha, ndiye kuti tikhala pansi tikambirane zina. Mwandimvetsa?"

Amake Wayilesi anasinthira foni kukhutu lina.

"Ndamva, Madamu. Ndibwera ndekha."

Foni inaduka popanda kutsanzika.

"Achemwali!" Mng'ono wawo anagwira m'mutu. "Mwayi ukugogoda, inu mukuuthira madzi otsukira mbale? Anzanu amachita kupempherera zimenezi! Mwana akanatchuka, tonse tikanachoka m'kachipinda kano!"

"Ukabereka wako ukamupereke. Tenga bokosilo uike pamwamba paja, ndipo ukalikhudzanso ndikudula zala."

"Nanga akakuchotsani ntchito tidya chiyani?"

"Tidya anthu ako masauzande aja. Choka, ukunditchingira kuwala."

Mng'onoyo anatuluka akung'ung'udza. Wayilesi anasendera pafupi n'kugwira m'mphepete mwa tebulo.

"Amayi, Kadona akachitsegula adziwa kuti ndinachidzoza mafuta?"

"Sadziwa."

"Mumuuze kuti chimatuwa."

"Ndimuuza. Pita ukasewere."

Anayalanso yunifolomu patebulo. Mawa aivala, zimenezo n'zodziwika. Za mkuja sankadziwa. Anakweza moto wa simbi n'kuidinda pakolala, ndipo poinyamula anaona mzere wakuda: pulasitiki yopserera ija inali itamatirira kunsi kwa simbi. Anatukwana chapansipansi, anazula pulagi, n'kutenga mpeni wosathwa kuti apale.

Kuchipinda kunamveka kaphokoso ka katoni ya sopo ikugwedezedwa, kenako timawu tosasa ndi kulira: "Moni anzanga nonse. Mukuganiza kuti muli chiyani umu?"

Amake Wayilesi anaima kaye, mpeni uli m'manja, kumvetsera ngati foni iliranso. Siinalire. Anapala simbi mpaka inayera, anabwezera pulagi, ndipo podikira kuti itenthe anawongola ndi chikhatho mkono wa yunifolomu umene unali udakali makwinya okhaokha.