Nsapato Zili Kuti?

A Jasper, amene ankandiphunzitsa kujambula ku situdiyo yawo ya pa Makoni, anali ndi lamulo limodzi, ndipo ankalibwereza m'chilankhulo chawo ndi m'chathu ngati wailesi yofa batani.

"Swedera pedyo, Rozina. Yandikira. Nkhani ili pankhope, zinazo ndi marabishi."

Ndinkawamvera ngati m'busa. Pa miyezi itatu ndinali nditadziwa kuika dzuwa kumbuyo kwanga, kugwira mpweya potsina batani, ndi kusaika munthu pakatikati ngati mtengo wa magetsi. Ndinayamba kuyenda ndi kamera pakhosi, mapewa m'mwamba.

Bambo anga, a Obadiah, anachoka ku Ntcheu mu 1951. Anatha mphamvu zawo m'mafamu a fodya kuno kudziko la eni, nadzathera m'zipinda ziwiri zalendi ku Zengeza 3. Kwawo sanapondekonso. Alongo awo, azakhali a Magret, ankawatchula mtchona m'kalata iliyonse, munthu wotayika kunja wopanda chake. Mawuwa ankawalasa bambo, ngakhale ankaseka powerenga.

Mu Julaye 1986 tinamva kuti a Zebedee a kutchalitchi kwathu akupita ku Ntcheu Loweruka. Bambo anaganiza zotumiza chithunzi chawo kwa azakhali, choyamba pa zaka makumi atatu ndi zisanu. Anabwereka suti kwa a dikoni, njinga kwa eni nyumba, wailesi kwa aneba. Nsapato zokha zinali zawozawo, zatsopano, zakuda, ndipo anazipukuta mmawa wonse.

"Undijambule bwino, mwanangu. Akawone kuti Obadiah ndi munthu."

Anaima panja, dzanja lina pa handulo, lina litanyamula wailesi, mwendo umodzi patsogolo kuti nsapato iwoneke. Ine ndinasuzumira m'kagalasi ndipo ndinawona marabishi okhaokha. Ndinayandikira. Ndinayandikiranso. Dzuwa la m'mbali linagwera patsaya lawo, makwinya onse nkutuluka. Ndinatsina katatu, katatu konse nkhope yokha, mtima ukundiuza kuti lero ndafikapo.

Lachisanu madzulo a Jasper atatsuka filimu, anaimba mluzu.

"Iyi ndiye photo. Waphunzira, mwana iwe."

Ndinathamanga nacho kunyumba. Bambo anachiyang'ana nthawi yaitali, nkuchitembenuza ngati zinazo zabisala kuseri.

"Nsapato zili kuti?"

"Baba, nkhani ili pankhope."

"Ichi ndi cha pachitupa, Rozina. Mutu wokha amajambula apolisi."

Suti inali itabwerera kwa a dikoni, eni nyumba anali atapita ndi njinga yawo ku Seke, ndipo basi inali yonyamuka m'mamawa. Ndinakwiya, ndisaname. Ndinawauza kuti sadziwa luso, kuti zoimika wailesi nzachimidzi. Iwo anaika chithunzicho mu envulopu, nanyambita guluu wake pang'onopang'ono.

A Zebedee anabwerako patatha milungu isanu. Anafika kwathu Lamulungu masana, atanyamula kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Anakhala pampando, nafotokoza za maliro, za mvula, za mlatho wogumuka. Kenako anatsokomola.

"Alongo anu analira atawona chithunzi. Anachiyendetsa mudzi wonse. Ati mwakalamba, mwavutika. Ati munthu akabisa miyendo pachithunzi ndiye kuti pansipo palibe kanthu."

Bambo anamasula kaphukusiko. Munali nsapato zakale za malemu amuna a azakhali, zopindika kutsogolo, chidendene chimodzi chokhomedwa ndi chidutswa cha tayala. Mkati mwa imodzi munali kapepala: Achimwene, musachite manyazi. Valani izi mubwere kwanu.

Anathokoza a Zebedee mwaulemu, nawaperekeza mpaka kumsewu. Atabwerera anaika nsapato zija pansi pa bedi, pambali pa zatsopano zija. Ndinawapempha kuti tijambulenso, thupi lonse, ngakhale ndi nyumba yomwe.

"Basi inapita, mwanangu."

Sanaimenso kutsogolo kwa kamera yanga, ndipo kwa azakhali sanalembenso. A Jasper anachikuza chithunzicho nkuchipachika pawindo la situdiyo, ndipo chinawakokera makasitomala chaka chonse. Anthu ankaima, nkumati mtsikanayu ali ndi diso. Ndinkadana nawo onse.

Bambo akamapita kumsika wa pa Makoni ankadzera kuseri kwa mashopu kupewa windo lija, njira yaminga, atavala nsapato zawo zakuda.