Pabwalo pa a Kalaliki

Mvula itatha m'chaka cha 1941, mphepo yozizira itayamba kulowera pansi pa zitseko, mbiri inamveka m'komboni ya mgodi ku Kitwe kuti nyumba imodzi ya njerwa yatsala yopanda munthu. Inali ya zipinda ziwiri, yofolera ndi malata. Mzungu woyang'anira komboni anati adzayendera mabanja Loweruka kuti asankhe woti alowemo.

A Kingsford Nkhoma, kalaliki wa mu ofesi ya mzunguyo, anaona ngati nyumbayo ndi yawo kale. Anaphunzira ku mishoni ku Nyasalande, ankavala tayi ngakhale popita kuchimbudzi, ndipo anali atatopa kugona m'kanyumba kozungulira ngati nkhokwe, iwo, akazi awo a Harriet ndi ana atatu.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali kadimba kozungulira kanyumba kawoko. Mwezi wa Meyi ndi pamene akazi amafutsa ndiwo: amathyola nkhwani ndi khwanya zotsiriza, kuziwiritsa pang'ono, kuziyanika pamphasa, n'kuzisunga kuti zidzadyedwe m'chilimwe. A Harriet anali mkati mwa ntchito imeneyi. Maungu anali atayanga mpaka pakhomo, nthanga zikuuma palichero, mbatata ikudikira khasu.

"Amake Gwen, zonsezi zichoke," anatero a Kingsford.

"Zipite kuti?"

"Mzungu akafika pano aziona ngati wafika kumudzi ku Kasungu. Ine ndimapita kunyumba kwake, ndimadziwa zimene amakonda. Kwake nthawi ino amazula zonse, amadulira mitengo, miyala amaipaka njereza."

"Kwake ndiwo zimabwera pasitima, m'zitini. Kwathu kuno zidzabwera pa chiyani?"

Madzulo ataweruka, a Kingsford anagwira khasu, chinthu chimene manja awo anali ataiwala kalekale. Anazula maungu, okhwima ndi anthete omwe, n'kukataya kudzala. Mizere ya mbatata anaisalaza. Mtengo wa papaya anaudula mutu, poti kwa mzungu mitengo imakhala yaifupi. Mfutso wosauma anaupanikiza m'thumba n'kuukankhira pansi pa bedi. Kenako anatuta miyala kumtsinje, kuipaka njereza, n'kuindandalika mozungulira dothi losesedwa bwino.

Pafupi nawo pankakhala a Laston Tembo a ku Chipata, amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi. Kwawo kunalibe popondapo: maungu padenga, mfutso pamphasa, ana ambirimbiri akudumpha zonsezo.

"Mwabombeni, a kalaliki!" anafuula a Laston, kuwalonjera m'chilankhulo cha kumigodiko. "Kodi mwaika ndani pamenepo? Bwanji simunatiuze za maliro?"

"Sekani lero, a Tembo. Loweruka tidzaona."

"Ndidzabwera ndi nkhata ya maluwa."

Loweruka mzungu anafikadi, wapolisi wa m'komboni ali pambuyo pake. Atafika pa a Kingsford anaima nthawi yaitali. Anayang'ana miyala, anayang'ana chitsa cha papaya, nagwedeza mutu mokondwa. Anauza wapolisi kuti aitane anthu onse a mumzerewo, ndipo poti womasulira analibe wina, anakodola a Kingsford.

A Kingsford anakonza tayi n'kuima pafupi naye.

"Bwana akuti onani ukhondo," anayamba mokweza. "Akuti m'komboni muno mulibe pabwalo pena ngati pano."

Mzungu anapitiriza. Mawu a womasulira anayamba kuchepa.

"Akuti anthu amadandaula kuti tinyumba tozungulira n'tating'ono. Akuti munthu uyu... ineyo... ndasonyeza kuti n'tokwanira, bola munthu akhale waudongo."

"Kwezani mawu, a kalaliki, kumbuyo kuno sitikumva!" anatero mayi wina.

"Akuti kundichotsa pano kungakhale kuwononga chitsanzo."

Kenako gulu lonse linasunthira kwa a Laston. Mzungu anapunthwa pa dzungu, natseka mphuno ndi mpango, nalankhula mwaukali. A Kingsford anamasulira maso ali pansapato zawo.

"Akuti katundu yenseyu sangakwane pano, aitana makoswe. Akuti a Tembo asamuke lero lomwe, akalowe m'nyumba ya njerwa."

A Juliana, akazi a a Laston, anaimba nthungululu mpaka mzungu anadzidzimuka. Koma mzunguyo anali asanathe. Analoza a Kingsford n'kuwonjezera mawu ena akumwetulira.

"Watinso chiyani?" anafunsa a Laston.

"Akuti Loweruka lililonse ndizibwera kwanu kudzakuphunzitsani kukonza pabwalo."

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi. Muzibwera ndi tsache lanu, lathu linatha."

Anthu atabalalika, a Harriet anatulutsa thumba la mfutso pansi pa bedi. Atalimasula munatuluka fungo, masamba onse atachita nkhungu. Analikhuthulira pakati penipeni pa dothi losesedwa lija. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi dengu.

"Bambo a Gwen, pitani mukawathandize a Tembo kututa maungu. Mwina akupatsani limodzi."

"Ine? Kalaliki?"

"Musankhe lokhwima. Ndikufuna nthanga zodzabzala."

A Kingsford anayang'ana uku ndi uku, nalandira dengu, nadzera njira ya kuseri kwa zimbudzi.