Chofunda cha a Abrahamu

Sara anakhuthulira sutikesi yonse pamphasa, n'kuigwedeza ngati nsalu yotalika ngati chitseko ingabisale pakona. Munagwa mpango umodzi ndi kabokosi ka singano. China munalibe.

"Asisi, musandiseweretse mtima," anatero Sadia ataima pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja. "Fumbi lonse la ku Kasakula ndameza chifukwa cha inu. Mwaiika pati?"

"Muno. Ndinaipinda ndekha Lachiwiri ndisanapite ku Dzoole kukaona mng'ono wanga. Ndinapemphera, n'kutseka."

Nsaluyo Sara anaisoka miyezi khumi ndi umodzi, masana akaweruka kusukulu kumene ankaphunzitsa. Sinali yofunda. Chinali chithunzi cha mapiri a kwawo kufupi ndi Mvera, chopangidwa ndi zigamba za zitenje, matumba akale a mbewu ndi nsalu zimene ananyika yekha m'makungwa ndi m'dothi lofiira. Pakati anaikapo thonje, kumbuyo nsalu yakuda, ndipo zonsezi anazilumikiza ndi ulusi pamanja, mzere ndi mzere, ngati mizere ya m'munda. Kumbuyo chakumtunda anasokerako kathumba kakatali kolowetsamo ndodo yopachikira, ndipo pakathumbapo panali dzina lake.

Sadia, mwana wa mwini golosale ku Kasakula, ankagwira ntchito m'nyumba yoonetsera zaluso ku Lilongwe. Ndiye anaonetsa mabwana ake chithunzi cha nsaluyo pafoni, iwo n'kuisungira khoma loyang'anizana ndi khomo. Chionetsero chinali kutsegulidwa mawa lake.

Ali chiimire choncho, apongozi ake a Sara, a Marita, analowa pabwalo atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera la Chigwirizano. Maso awo anali ofiira.

"Mwafika, make Hope? Mwachita bwino. Valani tizipita. A Abrahamu atisiya dzulo madzulo."

Sara anagwira pakamwa. A Abrahamu anali nkhalamba yoliza belu kutchalitchi kwawo. Analibe mkazi, analibe mwana, ndipo abale awo palibe amene ankawadziwa.

"Ambuye awalandire," anatero motsitsa. Kenaka analoza sutikesi. "Amayi, muno munali nsalu yanga."

"Ya zigamba ija? Musadandaule. Ndi imene tawakulungira."

Makiyi a Sadia anagwa pansi, ndipo palibe anawerama kuwatola.

"Mwatani?" anafunsa Sara.

"Adzukulu atawasambitsa anapeza kuti bulangeti lawo ndi maenje okhaokha, ngati ukonde. Akuti sitingaike munthu wa Mulungu m'bokosi chonchi. Ine n'kuthamangira kuno." A Marita anayang'ana mpongozi wawo, kenaka mlendo, osamvetsa chimene chawaumitsa. "Bulangeti lanu la kusitolo, lija la maluwa, sindinalikhudze. Ndinati mwini palibe, ndisatenge chabwino. Ndinatenga cha zigamba."

"Mayi anga," anatero Sadia, "cha zigamba chimenecho dzina lake lasindikizidwa kale pamakalata oitanira anthu. Kukubwera anthu a ku Joni kudzachiona."

"Kudzaona chofunda?"

"Si chofunda. N'chopachika pakhoma."

"Khoma limamva kuzizira?" anafunsa a Marita. Sanali kunyoza. Ankafunadi kudziwa.

Sara anakhala pansi pamphasa. Anayang'ana zala zake, nsonga zake zili zikang'a chifukwa cha singano. Chaka chonse aphunzitsi anzake ankamutcha telala wa sanza. Mwamuna wake, amene ankagwira ntchito ku Salima, anali atapempha kale tchuthi kuti akaime naye pafupi ndi khoma lija.

"Aika nthawi yanji?" anafunsa Sadia.

"Ikakwana 11 mwambo uyamba."

"Ndiye nthawi ilipo. Asisi, nyamulani bulangeti la maluwalo. Tikasinthanitsa."

A Marita anagwira mutu. "Kuvula maliro? Mwana iwe, unazionapo kuti?"

"Kwathunso sitichita, mayi. Koma madzi awa sanatayike onse, ena akadali m'chikho."

Sara anaimirira. Anamanga chitenje, n'kupinda bulangeti la maluwa, n'kuliika kukhwapa.

Nyumba ya siwa inali kuseri kwa tchalitchi, kanyumba ka chipinda chimodzi. Amayi anakhala pansi kuzungulira bokosi, akuimba motsitsa nyimbo ya ulendo wa kwathu. Sadia anafunda mpango kumutu, n'kukhala pakhonde. A Marita anakanong'oneza mkulu wa mpingo, a Langton, ndipo iwo anaitana Sara pambali pamodzi ndi mkulu wa adzukulu.

"Mwana wanga, tamva," anatero a Langton. "Tachimwa osadziwa. Chakudza sichiimba ng'oma."

Mkulu wa adzukulu anakanda chibwano. "Ine chiyambire kukumba manda sindinavulepo munthu chimene tamuveka. Chikalowa m'bokosi n'chake. Koma simunapereke ndinu, ndiye n'kuba tikakana. Mukati tivule, titulutsa amayiwa, tivula. Kungoti mudzi wonse udziwa."

"Nditha kuona?" anafunsa Sara.

Anatsegula bokosi. Nyimbo inazima pang'onopang'ono, mayi mmodzi mmodzi, mpaka inatha.

A Abrahamu anagona m'kati mwa mapiri. Phiri lobiriwira linali pachifuwa pawo, msewu wofiira unatsika paphewa mpaka m'chiuno, ndipo thambo limene Sara analinyika katatu kuti lifanane ndi la mwezi wa Okutobala linazungulira nkhope yawo yaing'ono. Amayi anasendera pafupi.

"Si chitenje changa cha ukwati icho?" ananong'ona wina, akuloza munda wa fodya.

"Ichi ndi diresi la malemu Abigail. Taonani timaluwato."

"Kodi iyi si tchalitchi yathu? Ndi belu lomwe."

Aka kanali koyamba kuti anthu a m'mudzimo aione yonse. Munthu mmodzi yekha ndiye ankaima n'kuiyang'anitsitsa Sara akamasokera pakhonde, ndipo anali yemweyu wagonayu. Tsiku lina anatsamira ndodo yake nthawi yaitali, kenaka anati, "Aphunzitsi, phiri ili mwaliika kolakwika. Ine ndikamakoka chingwe cha belu limakhala kumanzere." Sara anakwiya, koma atapita kukaima pabelu anapeza kuti nkhalambayo inanena zoona. Anasomola ulusi masabata awiri. Atatha, a Abrahamu anabwera ndi thumba la malaya awo akale a kaki, n'kunena kuti, "Nsanja ya belu musokere nsalu iyi, yazolowera."

Tsopano kansanja ka kakiko kanali pamtima pawo penipeni.

Sara anagwada nthawi yaitali. Anapemphera chamumtima. Kenaka anatukula mutu.

"Alipo ali ndi lezala?"

Amayi anayang'anana. A Marita anayamba kulira mokweza. "Make Hope, ndakupemphani, manyaziwa akhale anga, musadule pamaso pa anthu."

Mkulu wa adzukulu anatulutsa lezala m'chipewa, n'kulipereka, nkhope atayang'ana kumbali. Sara anapisa dzanja pansi pa mutu wa malemu mofatsa, ngati mayi wosafuna kudzutsa mwana. Anapeza kathumba kolowetsamo ndodo, kolimba, katapindika pansi pa khosi lawo. Anadula ulusi wake umodzi umodzi mpaka kanachoka, dzina lake lili pomwepo. Anakapinda n'kukaika m'chitenje. Kenaka anakonza thambo lija bwinobwino kuzungulira makutu a nkhalambayo.

"Kamawatsina pakhosi," anatero. "Tsekani."

A Langton anavula magalasi n'kuwapukuta ndi taye. "Ngakhale Ambuye wathu," anatero, "anakulungidwa m'nsalu ya mwini, n'kugona m'manda a mwini." Mayi wina anayambitsanso nyimbo, ndipo onse anailandira.

Panja Sadia anaimirira ataona kuti bulangeti la maluwa likadali kukhwapa kwa Sara.

"Asisi."

"Ndamva, Sadia."

"Simunamve. Chithunzi cha pafoni sapachika. Khoma lija apatsa wina lero lomwe, ndipo chaka chamawa sindingalonjeze. Mabwana anga saiwala msanga."

"Ukawauze zoona. Ukati mwini wake anabwera kudzaitenga."

Sadia anamuyang'ana, mkwiyo ndi misozi zikulimbana m'maso mwake. "Inu Akhristu a ku Mvera mudzandipha ndi mtima," anatero. Anaimba foni ku Lilongwe ataima pansi pa mtengo wa bulugamu, ndipo Sara anamva mawu a bwana akukalipa mpaka pomwe iye anaima. Atatha, Sadia sanakwere galimoto. Anakonza mpango wake, n'kulowa pamzere wa amayi opita kumanda.

Dzuwa litapendeka, Sara anakhala pakhonde pake manja ali pamiyendo. Ndodo yopachikira, imene kalipentala anaipala bwino n'kuipaka vanishi, inali chitsamire pakhoma. Sanalire kumanda, koma tsopano misozi inkangotsika yokha.

Anamva mapazi. A Marita anaima patsinde pa khonde, atanyamula chitenje chawo chobiriwira chimene anachisunga zaka zinayi osachivala, akuti n'cha tsiku la ukwati wa Hope. M'dzanja lina munali sizasi. Sanapepese, pakuti anali atapepesa kale njira yonse yochokera kumanda mpaka mawu anawathera. Anakhala pansi, n'kuyala chitenjecho pamiyendo pawo.

"Maso anga ulusi saona bwino," anatero, "koma kudula ndimatha. Phiri lija mumayambira pati?"

Sara anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Anayang'ana nsaluyo, n'kuipsinya ndi zala kuti amve kulimba kwake.

"Kumanzere kwa belu, amayi," anatero, n'kusendera kuti awapatse malo pamphasa.