Chala Chozolowera Kudumpha

Timu yathu inali ya anthu atatu: ine Jessy, Titus wogulitsa nthochi pamsewu ku Nyimba, ndi Fredrick wometa tsitsi. Loweruka ku Petauke kunali mpikisano wa gemu ya pafoni yotchedwa Madzuwa Awiri, ndipo ine ndinkaufunitsitsa. Timu yosakwana atatu salola. Koma amuna awiriwa anali atasiya kulankhulana.

M'gemumo muli mbiri yoti kalekale dzuwa lachiwiri linazima. Titus ankati analizimitsa ndi mfumukazi. Fredrick ankati ndi mlonda wa pachipata, mfumukaziyo anthu amangomunamizira. Anthu a ndevu zawo, kudana chifukwa cha dzuwa la mufoni!

"Sinizasewela naye mpaka avomele," anatero Titus.

Nditafunsa amene anaonerapo kanema wofotokoza mbiriyo, panalibe ndi mmodzi yemwe. Kwathu kuno makanema a m'gemu timawadumpha, chifukwa amadya bandulo ngati mbuzi m'dimba. Ndiye kanema ameneyu amabwera kamodzi kokha, ukangopha chilombo cha pamlatho.

Zinandikwana. Ndinabwereka foni ya mlamu wanga n'kuyamba gemu poyambirira, mpaka maso kuwawa. Lachisanu ndinafika pamlatho paja, ndipo ndinakokera Titus kometera kwa Fredrick.

"Penyani mweka," ndinawauza. "Wolakwa apepese, mailo Loweruka tiyende ku Petauke."

Anavomera monyinyirika, wina kuima kumanja kwanga, wina kumanzere. Chilombo chija chinandivuta, thukuta kamukamu, koma chinagwa. Nyimbo inayamba. Mfumukazi anatulukira, mlonda ali pambuyo pake, mmodzi wa iwo akutambasula dzanja.

Chala changa chinapita chokha pakona ya foni, monga chimachitira masiku onse. Kanema uja anadumphidwa, n'kupitiratu.

Ndinkafuna kuchiluma chalacho.

"Wachita dala," anatero Fredrick. "Waona kuti mfumukazi alibe mulandu."

"Dala zoona," Titus anavomereza. "Afuna kubisa vya mfumukazi."

"Ni chizolowezi chabe, imwe!"

Sanandimvere. Anayamba kukumbutsana zina zimene ndinawalakwira m'gemu, uyu akanena, uyo n'kuwonjezera, mpaka Fredrick anamukokera Titus mpando n'kuyamba kumumeta. Ankaseka limodzi, ine nditaima pakhomo ndi foni ya eni.

Loweruka anakwera basi ya ku Petauke atakhala mpando umodzi. Wachitatu wawo anali Josphat, msuweni wa Fredrick, amene gemuyo anaiyamba dzana.