Bambo Horia Athirira Mpanda

Kkkkk koma bambo Horia!! Dokotala wa mano wolemera uja wa ku Cotroceni, kuja nyumba zonse nzakalekale, boma limaletsa kuchotsa olo njerwa imodzi. Ndiye iwo anagula chigalimoto ngati basi, eti pageti pawo sichimalowa. Geti lake la nthawi ya ngolo za mahatchi kkkk. Chigalimoto chizigona pamsewu, nkhunda zikuchinyera, mtima wa munthu ukuwawa.

Anapita ku ofesi yoteteza nyumba zakale kuti agumule mpanda akuze geti. Anawakaniza. Pobwerera anzeru aja nkuganiza, kugumula ndiye nkoletsedwa, nanga ukagwa wokha amanga ndani?

Basitu m'mawa uliwonse ali panja ndi paipi, atavala mkanjo wosambira, kuthirira. Osati maluwa ayi. MPANDA. Ati poti kumeneko mu Januwale kumazizira mpaka madzi kuuma gwa, madzi alowe m'ming'alu, aundane ndi kuzizira, njerwa zisweke.

Mayi Otilia oyandikana nawo amakhala pakhonde lam'mwamba kumatafuna mpendadzuwa, foni ili m'manja.

"A dokotala, mwadzala chani pamenepo? Zibereka liti njerwazo?"

"Ndikutsuka fumbi mayi."

"Fumbi mu Januwale? Iii ukhondo wake!"

Bambo Horia anangoti mumtima, kankhalamba kosowa chochita. Nkuwonjezera madzi.

Mu Malichi, Loweruka masana, akudya supu, anangomva gwuuu! Anaponya supuni nkuthamanga, kumwetulira mano onse 32 pamtunda. Mpanda wagwadi!! Koma sunagwere mkati ayi. Wagwera kumsewu. Pomwe panali chigalimoto kkkkkk ine m'mimba. Denga la chigalimoto phwa, alamu ikungolira pansi pa njerwa.

Lolemba kunabwera mayi wa ku ofesi kuja ndi kafaelo kake.

"Ndi ukalamba mayi, unatopa wokha," anatero bambo Horia nkhope yamaliro.

"Tabwerani kuno achemwali muone kanema," mayi Otilia akukuwa pakhonde. Mavidiyo 63!! Tsiku lililonse lake, mkanjo womwewo.

Mayi wa ku ofesi anangoonera atatu nkutseka faelo. "Mutole njerwa zonse, muzitsuke, muumange mmene unalili. Geti lomwelo, kukula kwake komweko."

Pano dokotala amakwera basi ndi tonsefe, akaweruka amakhala pakampando kupala njerwa imodziimodzi. Ndiye mayi Otilia akalavula khoko la mpendadzuwa amangoti, "Zauma izo a dokotala, simuthirira lero?"