Yunifolomu Yathina

Ababa anga anaimba zaka makumi asanu, nyimbo zoposa zana, n'kulembanso mabuku atatu. Chaka chatha sitiroko inawagwetsa m'bafa, ndipo kuyambira tsiku limenelo pakamwa panakhota, mawu anathawa. Dzanja lamanja, lokanda nsambo za gitala lija, linafa. Lamanzere linatsala ndi mphamvu yongokwanira kugwira supuni. Ine, mwana wawo woyamba, ndi amene ndinkawasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi, poti amayi anatisiya kale, ndipo alongo anga awiri amakhala ndi zifukwa zomveka bwino kwambiri pafoni.

Tsiku lina Lolemba m'mawa kunabwera mkulu wa kusitudiyo, yemwe anajambula nyimbo zambiri za ababa. Tonse timawatchula kuti a Mahedifoni, chifukwa ngakhale pamaliro a amayi anabwera atakoleka zomvera zawozo m'khosi. Anawagwira ababa dzanja, n'kulankhula nawo mokuwa ngati sitiroko imatseka makutu, kenako ananditengera pakhonde.

"Mayi, tikufuna titulutse chimbale chimodzi cha nyimbo zawo zabwino koposa, adakali moyo," anatero. "Nyimbo khumi ndi ziwiri basi, ndi kabuku ka ndime zochepa zochokera m'mabuku awo. Musankhe ndinu pamodzi ndi eni akewo. Lolemba likubwerali ndidzatenge mndandanda. Ine ndikupempha imodzi yokha."

"Iti?" ndinafunsa, ngati sindikudziwa.

Anayang'ana nsapato zawo. "Ija ya yunifolomu. Popanda imene ija, anthu adzati tawabera."

Ndikuuzeni za nyimboyo, chifukwa yunifolomuyo inali yanga. Ababa anali ndi kagwiridwe kawokawo ka ntchito: chilichonse chochitika m'nyumba mwathu chinkalowa m'nyimbo, osapempha aliyense. Amayi atapsereza malaya ndi simbi, inali nyimbo. Mlongo wanga atakodza pabedi ali ndi zaka khumi, inali nyimbo. Kwathu ukatsokomola Lolemba, Loweruka unkadzimva pawailesi. Tinkaseka, tinkati ndi mmene amatikondera.

Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndili kusekondale, ndinatenga mimba. Ababa sanakuwe, sanandimenye. Anangotsegula chitseko n'kuima pambali, ine n'kutuluka kupita kwa azakhali. Patatha miyezi iwiri, ndili m'minibasi kupita kusikelo ya oyembekezera, dalaivala anakweza wailesi, ndipo ndinamva gitala imene ndinkaidziwa chibadwire.

Yunifolomu yathina, amayi,
batani lakana kutseka.
Ine ndinagula makope,
iye wabwera ndi matewera.

Minibasi yonse inkaimba, kondakitala akumenya chitseko ngati ng'oma. Mayi wina amene anakhala pafupi nane anayang'ana mimba yanga, n'kundiyang'ana kumaso, n'kusiya kuimba. Ameneyo ndiye anandipweteka kuposa onse. Nyimboyo inavinidwa m'maukwati ndi m'mabala, aphunzitsi ankalangiza nayo atsikana, ana ankandiimbira ndikamadutsa ndi chidebe pamutu. Mwana wanga anabadwa, anakula, lero ndi namwino wa zaka makumi atatu, ndipo nayenso anzake anamuimbirapo kusukulu atadziwa kuti matewera aja anali ake.

Ababa sanapepesepo. Ndinabwerera kunyumba amayi atayamba kudwala, ndipo ine ndi ababa tinkangolankhula za shuga, za babu limene lapsa, za mvula. M'buku la mbiri ya moyo wawo, la masamba mazana atatu, ine ndili mu mzere umodzi: mwana woyamba anabadwa chaka chimene anagula gitala yachiwiri. Gitalayo ili ndi chaputala chakechake.

Tsono ntchito yosankha tinaigwira chonchi. Ndinatsitsa makatoni a makaseti, ndinaika wailesi yakale pampando pafupi ndi bedi, n'kuwapatsa ababa supuni. Nyimbo ikayamba, akamenya chitsulo cha bedi kamodzi, ndiye kuti ilowe. Akamenya kawiri, ikhale. Munthu wopanda mawu uja anavuta kuposa mmene ankavutira ali ndi mawu. Nyimbo ina imene anthu amaiimba mpaka lero m'mabwalo a mpira anaikana isanafike n'pakolasi pomwe, ndipo nditaibwereza ndinamva chifukwa chake: wa ng'oma analowa mochedwa pang'ono. Ina ya mkulu wosoka nsapato pakona, imene wailesi sinkailabadira n'komwe, anaimenyera kamodzi mwamphamvu mpaka supuni inagwa pansi. Pa ina tinakangana. Ine ndinkaifuna chifukwa amayi ankaiimba potsuka mbale, iwo anamenya kawiri, ine ndinati sindinamve, anamenyanso kawiri n'kutseka maso ngati bwana amene watseka ofesi. Ndinailemba m'mphepete mwa pepala, mawa lake n'kuifufuta ndekha, poti ankanena zoona, inali yaulesi.

Masana ndinkawawerengera mabuku. Ndakatulo zambiri anazikana, makamaka zija zotamanda anthu otchuka amene lero palibe akuwakumbukira. Anasankha ndime ya tsiku limene anagulitsa njinga kuti agule nsambo, ndi ndakatulo yaifupi ya amayi akusita malaya atayatsa kandulo. Powerenga ya amayiyo tonse awiri tinayang'ana kuzenera.

Pofika Lachisanu nyimbo zinakwana khumi ndi imodzi. Kaseti ya yunifolomu ndinali nditaibisa pansi penipeni pa katoni, ndipo ababa ankangondiyang'ana ndikamafufuza zina pamwamba pake. Madzulo ake wamkulu mwa alongo anga awiri aja anaimba foni, osati kufunsa ngati ababa adya, koma kundikumbutsa kuti ija isasowe, ndi imene banja lathu limadziwika nayo. Ndinamuuza kuti abwere adzasankhe yekha, ndipo akamabwera atengenso sopo. Netiweki inavuta pomwepo.

Loweruka m'mawa mwana wanga anabwera kudzawayeza agogo ake kuthamanga kwa magazi. Ali kukhitchini kusamba m'manja, ndinamuuza za malo amodzi otsalawo.

"Amama, ingoitayani kudzala," anatero. "Ndani adzakufunseni? Agogo salankhula."

"Si choncho."

"Nanga n'chiyani? Mukufuna tiyambirenso kuimbidwa m'misewu?"

Ndinamuuza chimene sindinauzepo munthu. Nyimboyo ndi yabwino. Ndine mwana wa woimba, khutu ndili nalo, ndipo ndikudziwa kuti mwa nyimbo zana zija palibe yoifika. Gitala yake imaseka pamene mawu akubaya. Ikanakhala yoipa bwenzi itafa yokha mwezi womwewo, ine n'kupuma. Ndimadana nayo, ndipo ndimadzida ndekha chifukwa nthawi zina ndimapezeka ndikuiimba chamumtima ndikuchapa. Mwana wanga anapukuta manja, n'kunena kuti ife a m'banja lino mitu yathu ndi imodzi, n'kupita kuntchito.

Atapita ndinaika kasetiyo. Ndinaganiza kuti ababa amenya kamodzi, ine ndilemba, mlandu sukhala wanga. Gitala itangoyamba, mawu asanalowe n'komwe, supuni inalira kawiri. Ndinazimitsa.

"Ababa, mwamva bwino? Ndi ija ya yunifolomutu."

Anamenyanso kawiri, maso ali pa ine.

Ndinatuluka n'kukakhala pa ndowa yovundikira kuseri kwa nyumba, ndipo ndinalira ngati mtsikana uja wa m'minibasi. Ndinati kupepesa kwawo ndi kumeneku. Munthu wakana nyimbo imene inam'patsa dzina, ndipo wakana chifukwa cha ine. Ndinasangalala, ndisaname. Ndinabwerera ndi madzi ofunda, ndinawameta ndevu pang'onopang'ono, ndinawapaka mafuta kumapazi chala chimodzichimodzi, zinthu zimene masiku onse ndinkachita mothamanga.

Koma iwo sanakhazikike. Ankaloza ndi supuni pamwamba pa wadiropu, akubuula. Ndinatsitsa chipewa, anakana. Ndinatsitsa sutikesi ya amayi, anakana. Nditatsitsa chikwama cha gitala, anamenya kamodzi. M'kathumba kosungiramo nsambo munali kaseti yokutidwa ndi pepala la nyuzi, yolembedwa ndi dzanja lawo: Yunifolomu, kujambula koyamba.

Mtima unandiwira. Ndiye kuti sanakane nyimbo, anakana majambulidwe, monga anachitira ndi ija ya wa ng'oma wochedwa. Ine ndi misozi yanga yonse ndinangokhala chitsiru cha pa ndowa.

"Ndiye mukufuna yomveka bwino?" ndinatero. "Ija sinandikwane? Mwaona kuti pena pake sinabaye mokwanira? Ndakusambitsani chaka chathunthu, ababa, ndikukupukutani ngati khanda, inu maganizo ali pa gitala!"

Anamenya kamodzi.

"Chabwino. Timve."

Ndinaikankhira m'wailesi mwaukali. Kunamveka kutsokomola, wina akuwerenga mpaka zinayi, kenako gitala ija, koma yodekha kuposa imene anthu amaidziwa. Mawu a ababa anali adakali amphamvu, mawu amene ndinali nditayamba kuwaiwala. Anaimba za batani. Anaimba za makope. Pofika pa matewera, mawu sanatuluke. Oimba zida anapitiriza pang'ono kuwadikira, kenako wa bezi anasiya, wa ng'oma anasiya, n'kutsala kupuma kwa munthu pafupi ndi maikolofoni. Kupuma kumeneko ndinakuzindikira, ndi kwa munthu amene akukaniza kulira.

"Tiyambirenso, akulu?" Awo anali a Mahedifoni, mawu awo adakali opyapyala.

Kenako ababa analankhula, osati ndi mawu oimbira, koma ndi aja amene ankandiitanira ndili mwana.

"Kodi kwa azakhali akewo kuli bulangete? Mwana uja anangotuluka ndi nsalu imodzi."

Palibe anayankha.

"Kukuziziratu masiku ano," anateronso. "Zimitsa makinawo."

Kasetiyo inapitiriza kuzungulira yopanda kanthu. Ndinakhala pansi, msana utatsamira bedi, kuti asandione kumaso. Zaka makumi atatu ndinkakhulupirira kuti anaimba nyimbo ija mtima uli m'malo. Tsopano ndinamva kuti anandiganizira, ndipo zinawawa kuposa kale, chifukwa bulangete limenelo silinabwere. Kwa azakhali ndinagona pasimenti ndi nsalu yomweyo mpaka kubereka, ndipo kuchokera kusitudiyo kukafika kumeneko unali ulendo wa minibasi imodzi.

Pamwamba pa mutu wanga supuni inalira kamodzi.

Ndinadzuka. Misozi yawo inali itatsika ndi tsaya lakufa lija mpaka m'khutu. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti imeneyi ikhale ya khumi ndi chiwiri, anthu onse amve, ndipo anamenya kamodzi. Apo ndinaona chimene ankafuna. Ankafuna kundipepesa, koma njira imene ankaidziwa inali imodzi yokha, yodzera pawailesi, anthu akumvera m'maminibasi.

"Iyayi, ababa," ndinatero. "Manyazi anga munawapatsa anthu, anavina. Izi si zawo. Ndili panotu, ndiuzeni ine."

Anayesa. Milomo inagwedezeka, mitsempha ya m'khosi inatupa, dzanja linafinya supuni. Chimene chinatuluka ndi malovu okha. Ndinawapukuta ndi kansalu, ndinawakonzera pilo, ndinawamwetsa madzi. Atapuma anamenyanso kamodzi, ndipo ine ndinati iyayi. Tinatha masana onse choncho, iwo kamodzi, ine iyayi, mpaka tulo tinawatenga.

Lolemba ndinapereka mndandanda wa nyimbo khumi ndi imodzi. A Mahedifoni anawerenga kawiri, anatembenuza pepala kuona kuseri, anadandaula kuti anthu adzafunsa. Ndinati adzafunse ine, pakhomo panga akupadziwa kuyambira kale. Kenako ndinawafunsa za tsiku lojambula koyamba lija, chimene chinachitika makina atazimitsidwa.

Anakanda m'mutu, akuyang'ana kumsewu. "Anatuluka panja, anasuta ndudu imodzi. Atabwerera anati tiyeni, n'kuimba kamodzi kokha osalakwitsa. Ndi imene mukuidziwayo, mayi."

Chimbale chinatuluka ndi nyimbo khumi ndi imodzi, ndipo anthu anafunsadi. Ababa anakana kudya m'dzanja langa masiku awiri, lachitatu anatsegula pakamwa. Sanakhalitse, tinawaika m'manda mvula itangoyamba. Kaseti ija mwana wanga sanaimve, ndipo alongo anga sakudziwa kuti iliko. Ndimaimvera ndekha Loweruka masana ndikamaliza kuchapa, ndipo ikafika pamene akufunsa za bulangete, oimba anzawo onse ali chete, ndimayankha ine.

"Kulibe, ababa."