Ulusi wa Inki ndi Chala cha a Pulofesa

Mu labu yathu ya zamadzi munali lamulo lomwe ngakhale a Pulofesa sankaliphwanya: tsiku loyesa ulusi wa inki, nsapato zimatsala pakhomo. Analikhazikitsa ndi a Sipanala, bambo osamalira zipangizo za mu labumo, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Patebulo pamakhala thanki yagalasi yotsitsira madzi mu paipi yoonekera mkati, ndipo pakati pa paipiyo mumadontheza inki yofiira. Madzi akamayenda mwabata, inkiyo imatsika ngati ulusi umodzi wowongoka. Wina akangoponda mwamphamvu kapena kugunda tebulo, ulusi umaduka, inki n'kubalalika. Zikatero, kuti muyesenso mphindi yathunthu, mudikire maola atatu kuti madzi a mu thanki adekheretu.

Ine maola atatuwo ndinalibe. Mayeso amenewa ndinali nditalephera kale kawiri, ndipo kulephera kachitatu kunali kunyamula zikwama, zaka zitatu za uinjiniya n'kulowa m'madzi. Ntchito yake inali yooneka yaing'ono: kutsegula mpopi pang'ono, kusunga ulusi uli wowongoka kwa mphindi imodzi yathunthu mnzako akutunga madzi otulukawo m'kapu yoyezera, kenako kufotokoza zomwe waona. Koma mpopi wake unali nkhalamba. Ukausiya unkadzitseka wokha, ndiye unkafunika kuugwira mpaka mapeto.

Vuto lalikulu ndinali ineyo. Ndikachita mantha ndimaseka. Ndinaseka pa ukwati wa akulu anga nthawi ya malumbiro, ndinasekanso dokotala wamano atandiyasamulitsa. N'chifukwa chake wogwira kapu ndinasankha mnyamata yemwe kalasi yonse inkamutcha Abusa, munthu woti mano ake tinali tisanawaonepo.

“Iwe usandiyang'ane,” ndinamuuza tili pakhomo, tikuvula nsapato.

“Ndikuyang'anirenji?” anatero Abusa, nkhope ili gwa.

Tinalowa monyang'ama. Ndinatsegula mpopi pang'onopang'ono, inki inatsika, ndipo ulusi unaima bwinobwino kuchoka pamwamba mpaka pansi. A Sipanala anakweza wotchi yawo, kudikira a Pulofesa.

A Pulofesa anali chimunthu chathupi, cha suti ndi tayi, choti chikatsokomola kalasi yonse inkakhala chete. Anatulukira akunyang'ama, manja atatambasula kuti asagwe. Anaima pafupi nane, nagwedeza mutu kuti tiyambe. A Sipanala anadina wotchi, Abusa anatchera kapu.

Pofuna kuthawa maso a Pulofesa ndinayang'ana pansi. Pamenepo ndiye ndinalakwitsa. Sokosi ya a Pulofesa ya kumanja inali yobooka, ndipo chala chachikulu chinali panja chonse, chonenepa, chosangalala ndi mphepo.

Phwete linayambira m'mimba. Ndinaluma mlomo.

“Khumi,” ananong'ona a Sipanala.

A Pulofesa anaona komwe maso anga anali. Mwakachetechete, nkhope ili pa paipi ngati sakudziwa kanthu, anapinda chala chija n'kuchibweza mu sokosi. Chinakhalamo masekondi awiri, kenako chinasuzumiranso.

Mapewa anga anayamba kunjenjemera. Ndinachotsa chiuno patebulo, ndinatambasula mkono mpaka pothera, n'kusiya zala ziwiri zokha pa mpopi, kuti thupi ligwedezeke lokha dzanja lisadziwe. Ndinayesa kuganiza zomvetsa chisoni: bambo anga, amene amakonza mipopi m'nyumba za anthu, atabwera kudzanditenga ndi sutikesi yanga, akundiuza kuti palibe kanthu. Zinathandizadi. Mantha anandigwira, ndipo mantha anga mukuwadziwa kale komwe amathera.

“Makumi atatu.”

Tsopano a Pulofesa anaganiza zovindikira manyazi awo ndi phazi linalo. Analikweza mwaulemu n'kuliika pamwamba pa linzake. Sokosi ya kumanzere inalibe chidendene.

Kumbali kwanga kunamveka kamluzu kakang'ono ngati ketulo ikuyamba kuwira. Anali Abusa. Milomo anali ataitseka zolimba, ndiye phwete linkatulukira m'mphuno. Maso ake anali atafiira, misozi ili chuchuchu, koma kapu anaigwirabe chilili. Zaka zitatu osaseka, n'kusankha lero! Ndinalumbira mumtima kuti tikatuluka ndimupha.

Ulusi unagwedera kumunsi. Unapindika kamodzi, kawiri, ine mpweya n'kuugwira. A Pulofesa anaweramira pafupi, magalasi ali pamphuno, ataima ndi mwendo umodzi ndi theka. Ndinapempha Mulungu, ndinapempha mpopi, ndinapempha ngakhale chala chija kuti chikhale phee. Ulusi unawongokanso.

“Makumi asanu,” anatero a Sipanala, koma mawu awo anatuluka opyapyala modabwitsa. Nditawaponyera diso ndinapeza aluma kolala ya ovolosi yawo.

Masekondi khumi otsalawo sindikudziwa kuti ndinawadutsa bwanji. Nthiti zinkawawa, m'makutu munkalira, miyendo inkavina yokha pa simenti yozizira. Ulusi wokha ndi umene unali ndi ulemu m'chipinda monsemo.

“Yakwana.”

Oyamba kuphulika anali a Sipanala. Anagwira tebulo ndi manja onse awiri, chikhakhali chili m'mwamba, thanki n'kugwedezeka. Abusa anaika kapu pansi bwinobwino, kenako anakhala pa simenti n'kuyamba kulira ngati mbuzi. Ine ndinangomasula zonse. Mu paipi ulusi unaduka, inki inazungulira, madzi onse anasanduka ofiirira.

A Pulofesa sanaseke. Anatsitsa phazi, zala ndi zidendene zonse poyera, naloza paipi ndi cholembera.

“Mayi, mukamaliza, mundiuze chomwe chikuchitika umu.”

“Madzi asiya kuyenda mwabata, a Pulofesa,” ndinatero uku ndikubanika. “Akuyenda mwachipwirikiti, akusakanikirana.”

“Ndiye kuti mwawonjezera liwiro?”

Funso limeneli ndi lomwe linandigwetsa chaka chatha. Ndinayang'ana dzanja langa.

“Ayi. Mpopi sunasunthe, liwiro ndi lomwe lija. Tawasokoneza ndife. Tebulo likakhazikika, ulusi ubwerera.”

“Tione.”

A Sipanala anachotsa manja patebulo, natseka pakamwa ndi chipewa. Tinadikira tonse anayi, tikufwenthera. Kufiira kuja kunatsika pang'onopang'ono n'kutuluka, ndipo kuchokera pamwamba kaulusi kanayambanso kutsika, kogwedera pang'ono, koma kamodzi.

A Pulofesa analemba papepala lawo.

“Mwakhoza,” anatero, nanyamuka kupita kukafuna nsapato zawo.

Ndinkaganiza kuti ndikusekabe, mpaka ndinamva kuti mawu akutuluka m'kamwa mwanga asintha. Ndinali kulira kwenikweni, mamina ndi misozi, mkono uli chitambasulire. A Sipanala anabwera, nayamba kumasula zala zanga chimodzichimodzi.

“Siyani mpopi tsopano, ainjiniya,” anatero. “Madzi atithera.”